Dzanja la Simoni

"Mchere watha, alamu," ananama Lonely, akuthyolera supageti mumsuzi wa mlamba wouma. Mphepo yozizira ya Juni inkalowera pansi pa chitseko.

Mchere unalipo, koma sakanaukhudza. Dzulo lake anagona kwa chibwenzi chake Maclean, chikhalirecho akuchimuna anali asanamusudzule chimwalirireni mwamuna wake Simoni, yemwe ng'ona inamugwira ku Elephant Marsh. Akanathira yekha, mlamu wake Magdalena akanadwala mdulo. Akanamupempha kuti athire, zonse zikanaululika.

Sanachoke pambaula mpaka anapakula.

Magdalena atamwa supuni imodzi, misozi inalengeza.

"Mwandinamiziranji, alamu? Mchere ulimo, wochita kuwawa. Ndi achimwene okha ankathira chonchi."

Lonely analawa.

Unalimodi.