Tupa wa Rawle ndi Timivi ta Mlamu Wake

Panali munthu wina kwathu kuno ku Linden, m'dziko la Guyana, dzina lake Rawle. Ankawotcherera zitsulo, koma mtima wake wonse unali pa masewera a madatsi, aja oponya timivi pabolodi. Kuponya ankatha ndithu. Vuto linali loti anakwatira Shondell, mlongo wake wa Orin, ndipo Orin ndiye anali katswiri wa dziko lonse.

Orin anawina ku Georgetown, anakawina ku Trinidad, mpaka anasiya ntchito ya ku mgodi n'kumadyera timivi. Zikho zinadzaza kabati, zina anakasungitsa kwa mlongo wake. Ndiye taganizani, Rawle akamadya m'nyumba mwake momwe, zikho za mlamu wake zikumuyang'ana. Nsanje inamudya munthu uja mpaka kuwonda.

Kumalo omwera mowa wa ramu anzake sankamusiya.

"Rawle, paja iwe unawinako chiyani? Mlongo wa katswiri basi?"

Iye ankaseka nawo, koma mumtima muli moto.

Kenako kunamveka za mpikisano wa awiriawiri. Awiri opambana akwera ndege kukaimira dziko ku Barbados. Rawle anali asanakwerepo ndege, ndipo analumbira kuti ulendo uno ndi wake. Chomutchinga chinali chimodzi, Orin.

Lamlungu lina Orin anabwera kudzadya mpunga wa nyemba wophikira kokonati kwa mlongo wake. Pochoka anaiwala kachikwama ka timivi take pampando. Timivi timeneti anali ataponya zaka zambirimbiri, moti zala zake zinkadziwa kamzere kalikonse ka pachitsulo pogwirira. Woponya madatsi angakubwerekeni galimoto, koma osati timivi take.

Rawle anatenga kachikwama kaja n'kulowa nako m'shedi. Shondell anamupeza tupa ali m'manja.

"Bambo a Keron, mukutani ndi zinthu za achimwene?"

"Ndikungowapukutira dzimbiri."

"Dzimbiri amachotsa ndi tupa? Ikani pansi. Munthuyo anakulakwirani chiyani?"

"Anandilakwira chiyani? M'nyumba mwanga muno ndimadzuka n'kuona dzina lake! Mwana wanga yemwe akuti akufuna kudzakhala ngati amalume. Ine ndine chiyani, mpando?"

"Limbikirani kuponya, osati izi. Mudzalira, ndakuuzani."

Mkazi atangotuluka, Rawle anapala timizere tonse ta pogwirira mpaka posalala. Anatibwezera bwinobwino, Orin n'kudzatenga osatsegula n'komwe.

Loweruka la mpikisano holo inadzaza. Monga mwa chizolowezi chathu, munthu sasankha yekha mnzake wosewera naye. Mayina amaponyedwa m'chipewa, woyendetsa mpikisano n'kumatola awiriawiri. Rawle ankadziwa zimenezi, koma nsanje siwerenga masamu. Bambo uja anapisa dzanja.

"Orin!"

Anthu anakuwa. Aliyense ankapemphera kuti dzina lotsatira likhale lake.

"Ndi... Rawle!"

Orin anathamanga n'kumukumbatira. "Alamu! Lero ndiye lero. Kagulenitu sutikesi, Barbados tikupita tonse!"

Rawle anakumbukira tupa uja.

Pabolodi loyeserera, kamuvi koyamba ka Orin kanapulumuka m'zala n'kukabaya khoma. Kachiwiri chimodzimodzi. Orin anatiyang'anitsitsa, nkhope inagwa.

"Tengani tangati, alamu," anatero Rawle.

Orin anayesa, koma tinali topepuka, dzanja lake linatikana. Anabwerera ku take tomwe tija.

Tsiku limenelo Rawle anaponya ngati sanaponyepo chibadwire. Ananyamula mlamu wake pamsana, masewera ndi masewera, mpaka anafika mu ndime yomaliza. Anthu amene ankamuseka aja anayamba kuimba dzina lake. Pamapeto penipeni panatsala kamuvi kamodzi kuti awine, ndipo mwayi woponya unali wa Orin. Malo ake anali kamzere kopyapyala ka m'mphepete, kamene Orin ankabaya ngakhale akucheza.

Rawle anatsinzina. "Ambuye, kamodzi kokha."

Kamuvi kanaterereka m'zala, kanagunda waya wa pabolodi n'kugwa pansi. Awiri amene ankapikisana nawo anamaliza, ndege inapita ndi ena.

Panja, Orin anatambasula dzanja, timivi tili pachikhatho. Anthu anazungulira.

"Alamu, inu ndi munthu wa zitsulo. Tandiuzani, chadya timivi tangati n'chiyani?"

Amene anayankha ndi Shondell, misozi ikutsika.

"Ndi tupa, achimwene. Ali m'shedi mwathu."

Orin sanakalipe, sanatukwane. Anangoti, "Mukanandipempha, ndikanakuphunzitsani zonse zimene ndikudziwa." Mawa lake anatumiza galimoto kudzatenga zikho zake zonse, kabati ya Rawle n'kutsala mbee, monga ankafunira.

Orin anagula timivi tatsopano, anavutika nato kwa kanthawi, dzanja linazolowera, ndipo panopa akuwinanso. Rawle anachotsedwa m'bungwe la masewerawa. Ndege amangoiona ikudutsa kumwamba. Mpaka lero akalowa kumalo omwera ramu kuja, palibe amamunyoza. Aliyense amangotola timivi take patebulo n'kuika m'thumba.

Phunziro: Choipa chitsata mwini. Munthu amene ukumukumbira dzenje lero mwina ndi amene anayenera kukunyamula mawa. M'bale wako akapambana, muyandikire uphunzireko, ndipo wakunyumba akakuletsa chinthu, imva nkhwangwa isanafike m'mutu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene tulo sawapeza chifukwa choti mnzawo zikumuyendera.