Ndalama Zonsezo Kugula Bisiketi?

Panali munthu wina, wojambula zithunzi pa maukwati, bambo woti akanena chake ndiye kuti nkhani yatha. Laputopu yake inali yochedwa moti ankati akaiyatsa, amapita kukasamba n'kuipeza ikadaganizabe. M'menemo munali zithunzi zonse za ukwati wina, ndipo eni ake ankazifuna Lachisanu. Kuzitaya kukanakhala kutaya mbiri imene anaimanga zaka makumi awiri.

Mwana wake wamkazi, wokonza makompyuta, anabwera ndi kanthu kopyapyala.

"Bambo, disiki yosungira zinthu yakalamba. Tiikemo iyi, amati SSD. Laputopu izidzayaka musanavule n'komwe nsapato."

Bamboyo anakayeza pachikhatho, n'kufunsa mtengo. Ataumva anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndalama zonsezo kugula bisiketi? Zithunzi zikwi zitatu zingakwane m'kanthu aka? Katundu weniweni amalemera, mwana iwe. Ndinakubala ndine, usandiphunzitse."

Mwanayo sanatsutse. Anangoti, "Chabwino, ndibwerekeni laputopuyo masana ano ndingoipukuta fumbi."

M'mawa mwake, mwanayo atabweza laputopu, bamboyo anainyamula ulendo wa kutauni, ndipo anapeza munthu wina atayala zipangizo pakatebulo m'mbali mwa msewu.

"Bwana, ndaona kuti inu mumadziwa zinthu. Iyi ndi SSD ya akuluakulu. Tainyamulani muone."

Inali yolemeradi, mtengo wake theka. Mtima wa bamboyo unangoti myaa. Wogulitsayo anaiika mu laputopu pomwepo, n'kunena mwaulemu kuti, "Yakaleyi musavutike nayo, ndikutayirani."

Bamboyo atafika kunyumba anayatsa laputopuyo. Kuchedwa komwe kuja. Itayaka, zithunzi mulibe ngakhale chimodzi. Anathamangira kumsewu kuja, koma anapeza palibe munthu, palibe tebulo. Apa ndiye anamuimbira foni mwana wake.

Mwanayo atafika anati, "Ikani khutu apa, bambo. Mukumva chikulira?"

"Ndikumva."

"SSD siilira, mulibe choyenda mkati. Akugulitsani disiki yakale atangoimata pepala latsopano."

Bamboyo anakhala pansi, manja m'mutu. "Ndiye anthu aja ndikawauza chiyani?"

Mwanayo anapisa m'chikwama n'kutulutsa bisiketi ija. "Fumbi ndinkapukuta lija ndi ili. Ndinakopera zonse muno, chifukwa ndimakudziwani."

Anaiika, n'kudina batani. Bamboyo anawerama kuti avule nsapato, ndipo asanamasule chingwe, mkwatibwi anali akumwetulira pasikirini. Zithunzi zonse zinalipo. Bamboyo anamulipira mwanayo mtengo wonse wa SSD ija osanenerera, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire.

Lachisanu popereka zithunzi anamutenga mwanayo, n'kumuimika patsogolo pa anthu.

"Mukumuona uyu? Ndi mwana wanga, injiniya! Akanapanda iyeyu, bwenzi lero ndikubisala pansi pa bedi." Kenaka anawongola kolala n'kuwonjezera kuti, "Komatu nzeruzi anatengera ine."

Phunziro: Sizonse zolemera m'manja zili zamtengo, ndipo chotchipa chimalipiritsa kawiri. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala mwana wobala wekha. Musanasinthe disiki koperani zinthu zanu, ndipo yakaleyo musamusiyire munthu wosamudziwa. Nkhaniyi itumizireni makolo onse amene amati "ndinakubala ndine", mwina amva asanakumane ndi wa pakatebulo uja.