Adelaide Wakana Kusamba

"Umuuze kuti akapanda kusamba lero, akupita kuchipatala cha amisala," dokotala wachizungu analamula womasulira.

"Ndisambe bwanji abale a malemu mwamuna wanga asanadzandimete?" Adelaide anakalipa. "Ali ku Tete, malire anatsekedwa ndi nkhondo yanuyi! Mukanditsekera, ana anga ku lokeshoni ya Highfield adzawadyetsa ndani?"

"Munthu wabwinobwino salira maliro miyezi itatu," anatero dokotala. "Mwana wanga wafera kunkhondo, tamuika dzulo. Lero sindili pantchito?"

Womasulira atamaliza, Adelaide anamuyang'anitsitsa mzunguyo, taye pakhosi, tsitsi lopesa bwino.

"Dzulo lomweli? Achimwene, munthuyu alibe abale omutengera kuchipatala?"

"Akuti chiyani?" anafunsa dokotala.

"Akupepesa maliro, bwana."

Dokotala anathokoza mwaulemu, kenako anaitanitsa galimoto yodzamutenga Adelaide.