Chitsime cha Silvino chimene chinakhoza mayeso

Panali munthu wina ku Moatize, dzina lake Silvino, kwawo ku Zóbuè. Anabwera nthawi ija malasha anali pakamwa pa aliyense, napeza ntchito yoyendetsa galimoto kumgodi. Anagula malo kumunsi kwa bairu ina, dera la m'tauni lokhala anthu, n'kukumba chitsime, n'kuikapo pampu ndi thanki. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi munthu amene anaima nawo pamzere wa madzi kunyumba kwakeko.

Chitsimechi Silvino ankachinyadira zedi. Mlendo asanakhale n'komwe pansi, kapu ili kale m'manja. "Talawani. Madzi otere ku Moatize kuno simungawapeze."

Koma chakumtunda kwa nyumba yake kunali dzala lalikulu, kumene okonza magalimoto ankatayako oyilo wakuda ndi mabatire akutha. Mvula ikagwa, madzi a m'chitsime ankatuluka ndi kafungo, pamwamba pakuyandama timafuta. Mkazi wake Deolinda anasiya kumwa madziwo, n'kumakatunga akumwa kumpopi wa kumsika. Silvino naye akaona kuti palibe akumuona, ankamwa a m'ndowa ya mkazi wake.

Tsiku lina kunamveka kuti bungwe lina lidzayeza madzi ndi dothi m'bairu yonse, kuti lidziwe kumene kukufunika mipopi.

"Bambo a Dalila, asiyeni ayeze zenizeni," anatero Deolinda. "Mafuta aja si a m'chitsime, akuchokera kudzala."

"Ndiye anditsekere chitsime, anthu azindiseka? Ayi, mayi a Dalila, izi zisiyeni kwa ine."

Anaimbira mlamu wake Fausto, woyendetsa chapa, minibasi ya ku Zóbuè, kuti amubweretsere zigubu za madzi a kasupe wa kwawo. Anakhuthula thanki, n'kuitsuka bwinobwino, n'kuthiramo madzi a kumapiriwo.

Woyeza madzi atafika, mayi wina wachitsikana dzina lake Edite, anapempha kuti atunge m'chitsime mwenimwenimo.

"Pepani mwana wanga, kiyi wa chivundikiro wapita ndi alamu anga. Tungani pampopi wa thankipa."

"Koma madzi ake ndi a m'chitsimemu?"

"Nanga angachokere kuti? Kumwamba?"

Edite anadzaza timabotolo take n'kumapita.

Zotsatira zitatuluka, sekretariyo, mkulu wa bairu, anaitanitsa msonkhano. Zitsime zambiri zinapezeka zoipa, koma cha Silvino chinakhoza kuposa zonse. Silvino anaimirira n'kumagwedezera anthu dzanja ngati wapambana chisankho. Sekretariyo anapitiriza: "Mapaipi ndi ochepa, ndiye tiika mipopi tsidya lija. Inu a kumunsi muli ndi mwayi, muzitunga kwa a Silvino."

Anthu anaomba m'manja. Silvino anakhala pansi pang'onopang'ono. Deolinda anangomuyang'ana.

M'mawa mwake ndowa zinandanda kuyambira pathanki mpaka kumsewu. Silvino sanafune kupatsa anthu madzi oipa, komanso sanafune kuulula. Ndiye anayamba kumuvutitsa Fausto. Chapa ija inayamba kunyamula zigubu zambiri kuposa anthu, mpaka mwini galimoto anakwiya.

"Alamu, ine ndatopa," anatero Fausto. "Sindingasamutse kasupe yense wa ku Zóbuè. Ntchito indithera."

Thanki inauma, mzere uli pomwepo. Silvino anavutika mumtima, kenako anayatsa pampu, madzi a m'chitsime n'kuyamba kulowa m'thanki. Anadziuza kuti tsiku limodzi silingaphe munthu.

Atatembenuka, anapeza woyamba pamzere ndi mwana wake Dalila, amene anafika kuchokera ku Benga ndi khanda kumbuyo, kapoto m'manja.

"Ababa, mbiri ya madzi anu yafika mpaka kwathu. Ndipatseni ndimuphikire phala mdzukulu wanuyu."

Silvino anayang'ana khandalo, nalo linamusekerera. Apa mantha anamugwira. Anatseka mpopi, n'kuima kutsogolo kwake, n'kuyang'ana amayi a pamzere.

"Amayi, ndikhululukireni. Madzi amene anakhoza mayeso aja ndi a ku Zóbuè. A m'chitsimemu ngakhale ine sindimwa."

Mayi wina woyandikana nawo nyumba, Cármen, anaphulika kuseka. "Ndiye masiku onsewa takhala tikuchapira matewera madzi obwera pa chapa?"

Edite anabweranso, ndipo ulendo uno kiyi anapezeka msanga. Anatunga m'chitsime mwenimweni, n'kutenganso dothi la pafupi ndi dzala. Anapezamo oyilo ndi poizoni wa m'mabatire, wa mtundu umene umawononga ana pang'onopang'ono popanda wozindikira. Chitsime anachitseka ndi simenti. Koma mapaipi anali atathera kale tsidya lija, ndipo a kumunsi anauzidwa kuti adikire ulendo wina.

Amayi aja sanamutukwane Silvino. Cármen anangoti, "Munakwanitsa kubweretsa madzi kuchokera ku Zóbuè. Tsidya lija si patali, achimwene."

Mpaka lero, akaweruka kumgodi, mudzamupeza akupalasa njinga yodzaza zigubu, kutungira mzere wonse wa kumunsi. Anamupatsa dzina loti Bambo Kasupe, ndipo amayankha. Chigubu choyamba amasiyira Deolinda pakhomo, amene amalawa kaye n'kunena kuti, "Madzi otere ku Moatize kuno simungawapeze."

Phunziro: Madzi ooneka oyera angathe kukhala ndi poizoni wochokera kudzala, kuchimbudzi kapena kumalo okonzera magalimoto. Oyeza madzi ndi dothi akabwera, apatseni zenizeni, chifukwa mukawanamiza, amene adzamwe bodzalo ndi ana anu omwe. Tumizirani uthengawu aliyense amene ali ndi chitsime pakhomo, asanagule njinga ya zigubu.