Fayilo ya Malemu Yakana Kufufutika

Telala anadikira kuti mkazi wake watsopano agone kaye, kenako anayatsa kompyuta pabalaza. Masana ankakopera zonse za m'kompyutamo pa fulashi, magetsi n'kuthima ntchito ili pakati. Mafayilo oduka anangoti mbwee. Anawafufuta onse, koma inatsala imodzi: mawu a malemu mkazi wake, akuimba uku akusita.

Kwa watsopanoyu anali atalumbira kuti za malemu anachotsa kalekale. Bodzalo linkamudya mumtima.

Anadina pofufutira. Kompyuta inakana, akuti fayiloyo ndi yotsegula, wina akuigwiritsa ntchito. Anaizimitsa n'kuiyatsanso, koma chimodzimodzi. Atayesa kuisintha dzina, dzina la malemu linabwerera pomwepo.

"Pepani mayi," ananong'ona atazolika. "Sikuti ndakuiwalani ayi."

Pabalaza panayamba kumveka fungo la nsalu yopserera. Simbi inali pamwamba pa kabati, yozizira, chingwe chili chokulunga.

"Bambo," mkazi wake anaitana kuchipinda ndi mawu a tulo, "tachepetsaniko nyimboyo. Mayiyo akuimba mokweza."

Telala anacheukira masipika. Chingwe chake anali atazula yekha asanayatse kompyuta, poopa manyazi omwewa.