Mathireyi a Malemu Dombek

"Wakwecha ndani?" anafunsa Bambo Rauscher, wogula mathireyi akale otsatsira mowa.

"Ine. Mumafuna ndikugulitseni dzimbiri?" anatero Mayi Dombek.

Chidakwa cha mwamuna wawo chinafa chitadzaza makoma onse ndi mathireyi a mafakitale a mowa a kwawoko ku Wisconsin, ku America, omwe anatsekedwa kalekale. Mayiwo ankafuna awagulitse, athawe chisanu, akakhale kwa mwana wawo ku Arizona, dera lotentha.

"Mayi, ife timagula chithunzi ndi dzina la fakitale. Inu mwapala zonse."

"Zithunzi za tiatsikana tonyamula mowa tija? Malemu ankatiyang'ana kuposa ine!"

"Nanenso ndinadzera tomweto. Sinditengapo kanthu."

Galimoto ya Bambo Rauscher itapita, Mayi Dombek anatseka chitseko. Mathireyi anali mbee ngati kalilole, khoma lililonse likuwabwezera nkhope yawo.