Dzira la Nkhuku pa ofesi ya Kamba

Padangokhala, magaye, Nkhuku katswiri wa mazira ndi Njuchi katswiri wosakaniza timadzi. Anafuna kufufuza limodzi momwe madzi a m'dzira amasandukira mwanapiye, ndiye ananyamula dzira n'kupita kwa Kamba, bwana wopereka thandizo la kafukufuku.

"Fomu yanga imalola gawo limodzi basi," anatero Kamba. "Zamazira kapena zosakaniza?"

"Zamazira, bwana! Dziralo ndinaikira ndine," anatero Nkhuku.

"Kuikira si sayansi, asisi," anayankha Njuchi. "Inu mumangolikhalira."

Anakangana masabata atatu athunthu, zoona. Tsiku lomwe anagwirizana zoti alembe magawo onse awiri pa fomu, dzira lija linasweka, kamwanapiye n'kutuluka.

Kamba anakayang'ana, n'kubweza chidindo m'thumba.

"Pepani, za anapiye ndi ofesi ina."